Mmene a Matekenya Anasandukira Kandimverere

Ana inu, pali mawu amene akuluakulu amaponya munthu akabwera ndi nkhani zopanda mutu kuchokera kumene anatumidwa. Ambiri amangowatchula osadziwa kuti anaphuka pati. Kwina amafotokoza mwina, koma ife a pa Mlambewagwa timaloza bwalo la sukulu pamene zinachitikira, ndipo tikamakamba nkhaniyi sitiseka.

Kale ndithu, mafoni a m'manja asanabwere, pa Mlambewagwa panali mayi wina dzina lake Etinala, wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona, amene anagontha ali wakhanda atadwala malungo aakulu. Mwanayo anakula wamaso akuthwa ndi wamanja ochenjera, koma liwu la munthu sanalimvepo. Iye ndi amake ankamvana pa zinthu zapafupi, monga kuloza madzi, kuloza nkhuni, kusisita pamimba. Zakuya zinkakanika.

Tsiku lina Ndaziona anabwera kuchokera kumjigo diso litatupa, diresi litang'ambika paphewa. Etinala anamugwira n'kumufunsa ndi maso, ndi manja, ndi misozi yomwe, kuti wamumenya ndani. Mwanayo analoza uku, analoza uko, anagwedeza manja mpaka kutopa, kenaka anangokhala pansi n'kuzolika. Womumenyayo sanadziwike. Nkhaniyo inamukhala Etinala pakhosi ngati munga wa nsomba.

N'chifukwa chake analowa kalabu ya Tisamalane. Imeneyi inali kalabu ya anthu ongodzipereka, osalandira malipiro. Munali amalonda, anamwino, akalipentala ndi alimi. Loweruka ankakumana kukagwira ntchito yothandiza dera lawo: kutchetcha udzu pachipatala, kukonza milatho ya mitengo ikakokoloka, kufolera nyumba za nkhalamba zopanda ana. Koma ntchito imene inamukoka Etinala inali ya kusukulu, kumene kalabuyo inaumba njerwa n'kumanga kachipinda ka ana osamva. Ana otere analipo ndithu m'midzi yozungulira, ndipo ambiri ankangokhala pakhomo kuweta mbuzi.

M'kachipindamo ankaphunzitsa mtsikana wina, Velina Chagunda, amene anali atangotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi. Anawo ankawakonda, koma ku koleji sanamuphunzitse kuyankhula ndi manja. Ankajambula zithunzi pabolodi, kuloza, kumwetulira, ndipo zikakanika ankatuluka panja kukapukuta m'maso.

"Amake Ndaziona," anatero Velina tsiku lina Etinala atabwera kudzatenga mwana, "mwana wanu ali ndi nzeru kuposa ana ambiri akumva. Ndimaona m'maso mwake kuti akundifunsa. Koma ine ndili ngati munthu woima kutsidya kwa mtsinje wosefukira. Ndikumuona, kumufikira ayi."

"Nanga palibe kumene amaphunzitsa zimenezi, aphunzitsi?"

"Kuliko, mayi. Koma n'kutali."

Kutaliko kunayandikira chaka chotsatira. Mzungu wina amene anagwirapo unamwino pachipatala cha pa Mlambewagwa, atabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja, anakafotokozera kalabu ya kwawoko za ana osamva aja. Imeneyonso inali kalabu ya anthu odzipereka. Iwo anatumiza uthenga wakuti a Tisamalane asankhe munthu mmodzi, apite kumeneko kwa miyezi ingapo akaphunzire kaphunzitsidwe ka ana osamva ndi chiyankhulo cha manja. Sukulu, chakudya ndi pogona anati asamalira iwo. A Tisamalane anangofunika kupeza ulendo wa pandege.

Ulendo wa pandege si wa basi. Kalabu inabwereka munda n'kulima mtedza. Mtedza utakololedwa zinaoneka kuti sizikwana, ndiye anthu anapita kuphiri kukaswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Etinala ankasiya benchi yake pamsika, tomato n'kumaolera m'dengu, iye ali kuphiri ndi hamala. M'manja mwake munatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pamalo pake panamera zikang'a. Nayenso Ndaziona ankatuta miyala m'beseni, ngakhale sankadziwa kuti akuitutira chiyani. Panalibe amene anafunsa kuti adzapite ndani. Aliyense ankadziwa kuti ndi Velina.

Wapampando wa kalabuyo anali a Gidiyoni Matekenya, eni sitolo ya simenti ndi malata. Anali ndi lole, ndipo loleyo ndi imene inkanyamula maliro ndi odwala a dera lonselo. Kuphiri ankafikako dzuwa litakwera, malaya oyera ali mbee, n'kuima pamwala kumalimbikitsa anthu ndi mawu okoma. Zonse zitakwanira, iwo anaitanitsa msonkhano m'kalasi la sitandade eyiti, anthu akuluakulu atapanikizana m'madesiki a ana.

"Abale anga," anayamba a Matekenya, "ntchito mwaigwira, ndipo ine monga tcheya wanu ndanyadira. Koma nkhaniyi ndaiganizira mozama. Aphunzitsi athuwa ndi mwana. Chiphaso choyendera alibe, ndege sanaikwerepo. Tikawatumiza, ana athu aja atsala ndi yani miyezi yonseyi? Komanso tinene zoona, atsikana akapita kumeneko ambiri sabwerera. Akakapeza mwamuna konko, thukuta lanu lonseli lapita m'madzi."

Anthu anayang'anana. A Matekenya anapitiriza.

"Ine chiphaso ndili nacho kale. Chizungu ndimachitafuna. Sitolo yanga ili pompano, moti sindingathawe. Ndiye ndati ndidzipereke. Ndipite ine, ndikamvere zonse bwinobwino, ndidzawatulire aphunzitsiwa monga momwe ndidzazimvere. Tidzapha mbalame ziwiri, ana sadzajomba, maphunziro adzabwera."

Etinala sanadikire kuti wina ayambe. Anaimirira osapempha n'komwe mwayi woyankhula.

"A tcheya, mundikhululukire. Kodi wodwala amatuma mnzake kuti akamumwere mankhwala? Amene amaima pamaso pa ana aja tsiku ndi tsiku ndi aphunzitsiwa. Iwo ndi amene akudziwa pamene pakuvuta, ndipo ndi amene angadziwe chokafunsa. Inu m'kachipinda kaja munalowamo liti? Mwana wanga dzina lake mukulidziwa?"

"Amake Ndaziona, khalani pansi," anatero bambo wina wa kumbuyo motsitsa mawu. "Tsiku la zovuta kwanu mudzaifuna lole."

"Miyala ija sitinaswere lole," anayankha Etinala. "Tinaswera ana."

Palibe amene anamuthandiza. Ena anayang'ana kudenga, ena anayamba kukonza zitenje zawo. Etinala anatembenukira kwa Velina, amene anakhala pakona atawerama.

"Aphunzitsi, yankhulani. Ulendowu ndi wanu."

Koma Velina anali atafikiridwa kale. A Matekenya anali atacheza ndi ahedi a pasukulupo, ndipo ahediwo anamuchenjeza mtsikanayo kuti akachoka nthawi yaitali, malo ake akhoza kupatsidwa wina. Amake a Velina nawonso ankalira kumudzi, kuopa kuti ndege igwa ndi mwana wawo. Ndipo Velina mwiniwake, pansi pa mtima, ankachita mantha ndi dziko lachilendo. Anadzutsa mutu pang'ono n'kunena mawu amene anadzanong'oneza nawo bondo moyo wake wonse.

"Ngati akuluakulu aona choncho, a tcheya apite. Akandimverere."

Anthu anaomba m'manja, ambiri chifukwa chofuna kuti nkhaniyo ithe. Etinala anatuluka m'kalasimo. Panjira anakumana ndi Ndaziona akusewera phada yekha, ndipo analephera ngakhale kumufotokozera chimene chamukwiyitsa.

A Matekenya anapita. Miyezi inadutsa, kunazizira, kenaka kunayamba kutentha. Ngakhale anali wokwiya, Etinala anayamba kudzilimbitsa mtima. Ankati mwina munthu wamkulu ngati ameneyo, podziwa kuti wayenda ndi thukuta la amphawi, akakhala pansi n'kumvetsera. Ngakhale atabwera ndi theka lokha, thekalo likhala poyambira.

Tsiku lowalandira, bwalo la sukulu linadzaza. Makolo a ana osamva anabwera kuchokera m'midzi yakutali, ena atakweza ana awo panjinga, ena wapansi. Panali bambo wina wachikulire, a Chimombo, amene anapalasa njinga kuchokera kuseri kwa phiri ndi mdzukulu wawo wosamva, atamva kuti kwabwera munthu wodziwa kuyankhula ndi ana otere. Velina anatulutsa bolodi panja n'kuliimika pamtengo, choko chili m'manja, kuti chilichonse chimene chinenedwe achigwire pomwepo.

A Matekenya anatsika m'lole atavala chijasi chokhuthala ndi chipewa chaubweya, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo. Atalonjeredwa, anaima kutsogolo n'kukonza kukhosi.

"Abale anga, ndayenda ndaona. Tili kumbuyo ife. Kumene ndachokeraku, chinthu choyamba chimene chimakulandira ukangotsika ndege ndi maluwa. Maluwa m'mawindo, maluwa pamilatho, maluwa pakati pa msewu. Ofiira, achikasu, ena amtundu woti kuno tilibe n'dzina lake lomwe."

Anthu anagwedeza mitu, kudikira.

"Kuli minda, kuchokera pano mpaka kuphiri uko, yopanda phesi la chimanga ngakhale limodzi. Maluwa okhaokha, m'mizere, ngati asilikali. Nkhalamba ya kumeneko ikadzuka m'mawa siyamba ndi kusesa, imayamba yathirira maluwa. Mwamuna akalakwira mkazi wake sapita kwa ankhoswe, amangogula maluwa okulunga m'pepala, nkhani yatha."

Ena anaseka. A Matekenya anatulutsa zithunzi m'thumba la chijasi n'kuzipereka kuti ziyende m'manja mwa anthu. Chithunzi chilichonse chinali cha iwo eni: apa ataima pakati pa maluwa ofiira, apa atagwada kununkhiza achikasu, apa atakhala pabenchi maluwa ali mbali zonse. Chimodzi chinafika kwa Etinala. Anachiyang'ana, n'kuchipereka kwa mnzake.

Velina anayandikira pang'ono. "Nanga za m'kalasi, a tcheya?"

"Tifikako, aphunzitsi, musathamange. Ndisanaiwale, ndakutengerani mphatso." Anatulutsa timapepala tokongola ta mbewu. "Izi mudzale kutsogolo kwa kachipinda ka ana athu aja. Zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndiponso manyowa osapsa kwambiri ayi. Ndinafunsa bwinobwino kwa wosamalira munda, ndinakhala naye masiku ambiri."

Anafotokoza za kuya kwa dzenje, za kutalikirana kwa mbewu, za tizilombo timene timadya masamba. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mtengo unawathawa anthu. Ana osamva aja anakhala pamphasa kutsogolo, maso ali pakamwa pa bamboyo, pakamwa pakungotseguka ndi kutsekeka monga pakamwa pa anthu onse amene anawaonapo. Choko cha Velina chinali chisanakhudze bolodi.

Apo Etinala anaimirira. Anamugwira Ndaziona padzanja n'kuyenda naye pakati pa anthu mpaka kukaima pamaso pa a Matekenya.

"Bambo, za maluwa tamva. Mwana ndi uyu. Mufunseni dzina lake."

"Mayi, zinthu zimayenda ndi dongosolo. Ndikhala pansi ndi aphunzitsi tsiku lina."

"Dzina lokha, bambo. Kapena muuzeni kuti mwabwerako. Chilichonse chimene munaphunzira, chaching'ono chomwe, mumuuze tione."

A Matekenya anawerama, nayandikitsa nkhope yawo kwa mwanayo, n'kukuwa ndi mawu onse kuti, "Dzina lako ndani!" Ndaziona anabwerera m'mbuyo n'kugwira chitenje cha amake. Bamboyo anaona kuti kukuwa sikuthandiza, ndiye anatukula manja n'kuyamba kugwedeza zala mwachisawawa, ngati munthu wothamangitsa ntchentche. Mwanayo anayang'ana zalazo, anayang'ana amake, kenaka anayang'ana pansi.

"Zimenezo zikutanthauza chiyani, a tcheya?" anafunsa Velina.

A Matekenya anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Atayankhula, anayankhula ngati munthu wolakwiridwa.

"Inu simukudziwa mmene zinalili kumeneko. Mphunzitsi wake nayenso anali wosamva. Tsiku lonse m'kalasi muli duu, zala zokhazokha. Anzanga onse anali aphunzitsi, ankafunsa za ana awo, wina akuti wanga amachita chakuti, wina akuti wanga amakanika pakuti. Ine ndikanafunsa za yani? Munthu wamkulu ngati ine kumakhala kumbuyo ngati chitsiru? Ndiye ndinkatuluka kukapitidwa mphepo. Kuseri kwa sukuluyo kunali munda."

"Munkatuluka," anatero Etinala. Sanakweze mawu, koma anamveka mpaka kumbuyo. "Ife tinatuluka m'misika mwathu, m'minda mwathu, kukaswa miyala. Mwana uyu anasenza miyala pamutu mpaka tsitsi linathothoka pa liwombo. A Chimombo awo apalasa njinga kuchokera kuseri kwa phiri, pa msinkhu wawo. Mpando umene munauthawa uja unali wa ana awa. Munaulanda kwa mwini wake, n'kukausiya wopanda munthu, inu muli kununkhiza maluwa. Mukanakhala kuti munayesa n'kulephera, tikanati ndi mutu. Koma inu simunakhalemo n'komwe."

"Mayi, samalani pakamwa. Ine kalabu ino ndaithandiza zaka zambiri."

"Mwaithandiza, ndipo lero mwadzilipira." Etinala anatembenukira kwa anthu. "Nanunso musayang'ane pansi. Munalipo tsiku lija. Munadziwa kuti n'zolakwika, koma munaomba m'manja chifukwa cha lole. Ndipo inu aphunzitsi, ndimakukondani, koma mawu aja munanena ndinu. Makutu anu munawapereka kwa munthu amene analibe funso ngakhale limodzi m'mimba mwake."

Velina anayika choko pansi n'kuphimba nkhope ndi manja. A Chimombo anaimirira pang'onopang'ono, nakweza mdzukulu wawo pakaliyala, n'kuyamba kukankha njinga kulowera kumsewu osatsanzika munthu. Makolo ena anawatsatira. Posakhalitsa pabwalopo panatsala a Matekenya, chijasi chili pamkono, ndi timapepala ta mbewu tili mbwee patebulo.

Zotsatira zake zinali zowawa. Sukulu ya kutsidya kwa nyanja ija inadziwitsa kalabu ya kumeneko kuti munthu amene anatumizidwa sanali mphunzitsi, ndiponso kuti m'kalasi ankangoonekamo mwa apo ndi apo. Anthu aja anakhumudwa, ndipo kwa zaka zambiri sanatumizenso uthenga uliwonse ku Mlambewagwa. A Tisamalane anawachotsa a Matekenya pampando. Iwo pokwiya anaimika lole yawo, ndipo anthu anabwerera kunyamula odwala pangolo ndi maliro pamapewa. Zinali zolemetsa, koma anaona kuti n'zotheka, ndipo manyazi awo anakula pozindikira kuti chimene anagulitsira tsogolo la ana chinali chinthu choti akanatha kukhala popanda icho. Kuyambira pamenepo dzina la Matekenya linazimirira. Akamadutsa pamsika anthu ankangoti, "Akudutsa a Kandimverere."

Kalabu sinafe. Etinala ndi anzake anapitiriza kutchetcha, kufolera ndi kuumba njerwa, ndipo anapitiriza kupepesa kwa anzawo a kutsidya kwa nyanja mpaka mitima yawo inafewa. Mwayi wachiwiri utabwera, msonkhano usanayambe n'komwe, Velina anaimirira. Panthawiyi anali mayi wa ana ake, woopabe dziko lachilendo monga kale.

"Ndipita ndekha," anatero. "Amene ali ndi mawu ena awasunge."

Anapita, anakhala pampando wakutsogolo, anafunsa mpaka aphunzitsi ake anamudziwa dzina. Atabwerako, kachipinda kaja kanasintha. Ana anayamba kukangana, kunenerana, kufunsa mafunso ndi kusimba maloto awo, zonsezo ndi manja. Koma Ndaziona munalibemo. Anali atakula, atasiya sukulu kalekale, akuthandiza amake pabenchi ya tomato. Anadzaphunzira pang'ono ali wamkulu, madzulo akaweruka kumsika, koma zaka zimene mwana amafunsa amake za dziko zinali zitadutsa iye ali chete. Zimenezo palibe anamubwezera, ndipo Etinala mpaka ukalamba wake sanalole kuti nkhaniyi ikambidwe ngati nthabwala.

Pamenepo ndi pamene panachokera mwambi uja wakuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Nkhani ikakhala yako, pita wekha ukaimve ndi makutu ako. Munthu amene wamutuma kuti akakumverere sapita ndi njala yako, sapita ndi mafunso ako. Amaona zimene zakomera maso ake, ndipo n'zimene amabwera nazo, zokongola koma zosakuthandiza. Mwambiwu umadzudzula wotumidwa wosakhulupirika, koma umadzudzulanso wotuma, amene chifukwa cha mantha, ulesi kapena ulemu wolakwika amapereka malo ake kwa wina. Umawakhudzanso amene amaona cholakwika n'kuomba m'manja. Choncho ukaitanidwa kumene kukukambidwa za moyo wako, za sukulu yako kapena za anthu amene akudalira iwe, usayang'ane wokuimira. Kandimverere amabwerako wonenepa ndi zithunzi zake, womutuma amapepesa n'kupitiriza moyo, koma amene amalipira ndi mwana amene anakhala pamphasa kudikira.